Kodi Mwathamanga Mtunda Wautali Bwanji?

Masiku ano munthu akalaŵira m'mizinda yathu ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu amakumana ndi anthu ambiri akuthamanga m'mphepete mwa miseu. Ena ndi achinyamata okonzekera mipikisano, koma ambiri ndi abambo ndi amayi achikulire amene adalangizidwa kuchipatala kuti azilimbitsa thupi. Malangizo ameneŵa ali ndi chifukwa chake. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno, pafupifupi mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo anthu oposa 5 mwa 100 alionse adali ndi matenda a shuga. Kuyenda ndawala ndi kuthamanga ndi ena mwa mankhwala otsika mtengo koposa a mavuto otere.

Koma mankhwala alionse ali ndi mlingo wake. Wodwala akamwa ochepa sachira, ndipo akamwa ochuluka amadzivulaza. Kuthamanga nakonso kuli ndi mlingo, ndipo timaudziŵa poona zinthu zitatu: mtunda umene munthu wayenda, nthaŵi imene watenga, ndi liŵiro lake. Nthaŵi njosavuta kuyeza pakuti wotchi sinama. Vuto lagona pa mtunda, ndipo mtunda ukalakwika liŵiro nalonso limalakwika. Othamanga ambiri tsopano amangokhulupirira nambala iliyonse imene foni yawo yalemba. Foni ndi chida chothandiza ndithu, koma woigwiritsa ntchito ayenera kudziŵa kumene manambala ake akuchokera, ndi mmene angawatsimikizire pogwiritsa ntchito mapu a pa intaneti.

Maso amanyenga

Tonse tidafunsapo njira kumudzi ndi kuyankhidwa kuti, "Ndi pomwepa, mukangooloka mtsinje mwafika," koma n'kuyenda ola lathunthu. Munthu wozoloŵera njira amaiona yaifupi, pamene wotopa amaiona yaitali. Akuluakulu ena amaŵerengerabe mtunda m'mamailosi, pamene ana awo amaŵerengera m'makilomita, ndipo aŵiriŵa akamakambirana amasokonezana. Mailosi imodzi ndi mamita 1,609, ndiye kuti kilomita imodzi ndi theka n'kuwonjezapo pang'ono.

Ena amathamanga mozungulira bwalo la mpira namaganiza kuti ulendo umodzi ndi mamita 400. Zimenezi sizoona. Malamulo a mpira amalola kuti bwalo likhale la mamita 90 mpaka 120 m'litali, ndi mamita 45 mpaka 90 m'lifupi. Chotero kuzungulira bwalo laling'ono kwambiri ndi mamita 270, pamene lalikulu kwambiri ndi mamita 420. Bwalo la maseŵera aakulu, la mamita 105 m'litali ndi 68 m'lifupi, ndi mamita 346 pozungulira. Munthu amene wazungulira bwalo la pasukulu kakhumi n'kumanena kuti wathamanga makilomita anayi angakhale atathamanga osakwana atatu, makamaka ngati amadula m'makona.

Mmene akatswiri amayezera

Bwalo lovomerezeka la mipikisano yothamanga, monga limene lili pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, ndi la mamita 400 pozungulira. Koma muyezo umenewu ndi wa kanjira koyamba kokha, kam'kati, ndipo amauyeza pa masentimita 30 kuchokera m'mphepete. Kanjira kalikonse ndi ka mamita 1.22 m'lifupi, motero wothamanga m'kanjira kachiŵiri amayenda mamita 407, ndipo wa m'kanjira kachisanu ndi chitatu amayenda mamita 453. N'chifukwa chake pa mpikisano wa mamita 400 othamanga sayambira pa mzere umodzi.

Mipikisano ya pamseu ili ndi kayezedwe kake. Mtunda wa marathon ndi makilomita 42.195. Mtunda umenewu udayambira pa maseŵera a Olympic a mu 1908 ku London, ndipo udakhazikitsidwa kukhala lamulo mu 1921. Oŵerenga ena adzadabwa kumva kuti mipikisano yaikulu ya pa dziko lapansi amaiyeza ndi njinga yakapalasa. Pa gudumu lakutsogolo amamangirirapo kachipangizo kotchedwa Jones counter, kamene Alan Jones wa ku America adakonza mu 1971, ndipo kamaŵerenga mmene gudumu likuzungulirira. Asadayambe ntchito, woyezayo amayamba wapalasa njingayo pa mseu woongoka umene udayezedwa ndi tepi yachitsulo, kuti adziŵe nambala imene kachipangizoko kamalemba pa kilomita imodzi. Akamaliza ntchito amabwereranso pa mseu womwewo kukatsimikiza, popeza kutentha kwa dzuŵa kumasintha mpweya wa m'tayala. Poyeza amatsata njira yaifupi koposa imene wothamanga angadutse, ndipo pa kilomita iliyonse amawonjezapo mita imodzi kuopa kuti mtunda ungapereŵere. Pa marathon yonse amawonjeza mamita 42.

Apa pali phunziro kwa ife. Akatswiriŵa sakhulupirira chida chawo asadachiyese pa mtunda wodziŵika, ndipo amachiyesa kaŵiri. Wothamanga wamba ayenera kuchita chimodzimodzi ndi foni yake.

Foni imadziŵa bwanji pamene muli?

Foni imadalira njira yotchedwa GPS. Mumlengalenga, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, muli masetilaiti a dziko la America amene amazungulira dziko kaŵiri pa tsiku. Yoyamba idaulutsidwa mu 1978, ndipo ntchito yonse idakwanira mu 1995 ndi masetilaiti 24. Setilaiti iliyonse ili ndi wotchi yolondola kwambiri, ndipo imaulutsa uthenga wonena pamene ili ndi nthaŵi imene uthengawo wanyamuka. Foni ikalandira mauthenga a masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imaŵerengera nthaŵi imene uthenga uliwonse watenga panjira, ndipo potero imapeza malo amene mwaima. Uthengawo umayenda pa liŵiro la kuŵala, makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Wotchi ikangolakwitsa ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, malo anu amasuntha ndi mamita 300.

Kale asilikali a ku America ankasokoneza dala uthenga wopita kwa anthu wamba, koma adaleka mu May 2000. Maiko ena nawonso ali ndi masetilaiti awo: GLONASS ya Russia, Galileo ya maiko a ku Ulaya, ndi BeiDou ya China, ndipo mafoni ambiri atsopano amamvera onseŵa pamodzi. Pamalo apoyera, foni yabwino imapeza malo anu mosaphonya kupitirira mamita asanu. Kulandira uthenga wa masetilaiti sikudya bandulo ayi. Chimene chimafuna intaneti ndicho kutsitsa mapu ndi kutumiza zotsatira kwa anzanu.

Mapulogalamu a othamanga, monga Strava imene idayamba mu 2009, amalemba kadontho pa mapu sekondi iliyonse kapena pakapita masekondi angapo, kenaka amalumikiza timadonthoto ndi mizere n'kuphatikiza utali wake. Apa ndi pamene pamaloŵera zolakwika. Munthu wothamanga kilomita imodzi pa mphindi 6 amayenda mamita osakwana atatu pa sekondi, pamene kadontho kalikonse kangaphonye ndi mamita asanu. Kadontho kena kakagwera kumanja, kotsatira kumanzere, mzere wa pa mapu umakhotakhota ngati modutsa njoka pamchenga, ngakhale munthuyo adayenda moongoka. Mzere wokhotakhota ndi wautali kuposa woongoka, motero foni imawonjeza mtunda. Pamene timadontho tatalikirana, foni imadula makona ndipo mtunda umachepa.

Zolakwikazi zimakula pamene thambo labisika. Pakati pa nyumba zosanja za mu Victoria Avenue ku Blantyre, uthenga umayamba wagunda khoma usadafike pa foni, ndipo foni imayesa kuti muli tsidya lina la mseu. Zoterezi zimachitikanso pansi pa mitengo yothithikana ya pa phiri la Zomba ndi m'munsi mwa matanthwe a Mulanje. Mitambo ndi mvula sizisokoneza kwenikweni. Chinanso chovutitsa ndi foni yeniyeniyo: ikaikidwa posunga batire, imazimitsa GPS ikakhala m'thumba, ndipo pa mapu pamaoneka mzere woongoka wodutsa pamwamba pa nyumba ndi minda ya anthu. Choncho musanayambe kuthamanga, imani poyera kwa mphindi imodzi kuti foni ipeze masetilaiti, ndipo lolani pulogalamuyo kugwira ntchito ngakhale foni itatsekedwa.

Kuyeza njira yanu pa mapu

Njira yodalirika koposa kwa munthu wamba ndiyo kuyeza njira yake pa mapu kamodzi, mosamala, ali chikhalire. Google Maps, imene idayamba mu 2005, ili ndi chida choyezera mtunda. Pa kompyuta, dinani batani lakumanja la mausi pamalo poyambira ndi kusankha mau akuti "Measure distance", kenaka muzidina motsatira njira yanu. Pa foni, gwirani chala pamalo poyambira kufikira pataoneka chizindikiro chofiira, sankhani mau omwewo, ndipo muzisuntha mapu ndi kuwonjeza timadontho. Mtunda wonse umaoneka pamene mukupitiriza.

Kuti muyezo ukhale woona, tsatirani izi. Choyamba, sankhani mapu a zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, chifukwa tinjira tambiri ta m'minda, m'madambo ndi m'makwalala a m'matauni mwathu sitidalembedwe pa mapu wamba koma timaoneka pa zithunzi. Mapu a OpenStreetMap, amene amajambulidwa ndi anthu odzipereka kuyambira mu 2004, nthaŵi zina amaonetsa tinjira timene kwina kulibe. Chachiŵiri, kulitsani chithunzi kuti mseu uoneke bwino, ndipo ikani timadontho mbali imene mumathamangira. Chachitatu, pamene mseu wakhota ikani timadontho tambiri moyandikana, chifukwa timadontho tiŵiri tokha timadula kona. Chachinayi, musadalire mtunda umene mapu amapereka kwa oyendetsa galimoto, pakuti umatsata miseu ya magalimoto osati njira ya miyendo yanu. Chomaliza, yezani kaŵiri. Miyezo iŵiriyo ikasiyana ndi mamita oposa 10 pa kilomita, bwerezaninso. Kumbukiraninso kuti zithunzi zina n'zakale, ndipo pamene padali njira pangakhale pali mpanda wa njerwa tsopano.

Mukamaliza, pezani chizindikiro chosasuntha pa kilomita iliyonse: mjigo, mlatho, chigayo, mtengo wa mango kapena chipata cha tchalitchi. Lembani zizindikirozi m'kope. Kuyambira pamenepo simudzafunanso bandulo kapena foni yapamwamba, wotchi yapamkono idzakukwanirani. Mphunzitsi wa maseŵera pasukulu kapena mlangizi wa zaumoyo amene ali ndi foni yotere angayeze njira ziŵiri kapena zitatu za m'dera lake, n'kupaka laimu pa miyala ya makilomita, ndipo mudzi wonse ungapindule.

Ena amafunsa ngati mapu amaŵerengera zitunda. Mapu amayeza ngati kuti dziko ndi lathyathyathya, koma kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Mseu umene wakwera mamita 100 pa kilomita imodzi ya pa mapu ndi wa mamita 1,005 okha poyenda. Chimene chimachuluka pa chitunda ndi mphamvu imene mtima ndi miyendo zimagwiritsa ntchito. Wokwera kuchokera mu mzinda wa Zomba kupita ku Ku Chawe asayerekeze liŵiro lake ndi la wothamanga m'chigwa.

Amene ali ndi njinga angatsimikize muyezo wa pa mapu potsanzira akatswiri aja. Popani tayala mokwanira, imikani njinga valavu ya gudumu lakutsogolo ili pansi, ndipo lembani mzere pa dothi. Kankhani njingayo moongoka kufikira gudumu litazungulira kakhumi, yezani mtundawo ndi tepi ya amisiri omanga nyumba, ndipo gaŵani ndi 10. Ngati mwapeza mamita 2.2, ndiye kuti kilomita imodzi ndi maulendo 455 a gudumu. Mangani kansalu kofiira pa sipoko imodzi kuti kuŵerenga kusavute. Mukakhala ndi kilomita yoyezedwa bwino, yesanipo foni yanu masiku atatu osiyana. Ikalemba 1.03, 1.04 ndi 1.02, mwadziŵa kuti imawonjeza pafupifupi mamita 30 pa kilomita, ndipo muzichotsera nokha.

Kuŵerengera liŵiro

Othamanga amatchula liŵiro ponena mphindi zimene amatenga pa kilomita imodzi. Gaŵani mphindi zonse ndi makilomita onse. Amene wathamanga makilomita 5 pa mphindi 35 ali ndi liŵiro la mphindi 7 pa kilomita. Pofuna kudziŵa makilomita pa ola, gaŵani 60 ndi nambala imeneyo. Mphindi 12 pa kilomita ndi makilomita 5 pa ola, kumene kuli kuyenda wamba. Mphindi 10 ndi makilomita 6 pa ola, kuyenda ndawala. Mphindi 7 ndi theka ndi makilomita 8 pa ola, ndipo mphindi 6 ndi makilomita 10 pa ola. Pamene Kelvin Kiptum wa ku Kenya adathamanga marathon ku Chicago mu 2023 pa maola 2 ndi masekondi 35, ankatenga mphindi 2 ndi masekondi 51 pa kilomita iliyonse.

Pali misampha ingapo. Makina oŵerengera akalemba 6.5, tanthauzo lake ndi mphindi 6 ndi masekondi 30, osati masekondi 50, chifukwa mphindi ili ndi masekondi 60. Mapulogalamu ena amabwera ataikidwa m'mamailosi, ndipo akalemba 3.1 ndiye kuti mwayenda makilomita 5, pamene mphindi 10 pa mailosi ndi mphindi 6 ndi masekondi 13 pa kilomita. Mapulogalamu ena amaimitsa wotchi munthu akaima kuti apume kapena kudikira magalimoto, motero liŵiro limaoneka lalikulu kuposa mmene lidzakhalire pa mpikisano, pamene wotchi siima. Ndipo liŵiro limene foni imaonetsa pa kanthaŵi komweko limadumphadumpha chifukwa cha timadontho tija. Lodalirika ndi la kilomita yathunthu.

Taonani mmene cholakwika chaching'ono chimakulira. Foni ikalemba makilomita 5.25 pa njira ya makilomita 5 imene mwaiyenda pa mphindi 35, idzakuuzani kuti liŵiro lanu ndi mphindi 6 ndi masekondi 40. Yakunamizani ndi masekondi 20 pa kilomita, amene munthu amavutikira milungu ingapo kuti awapeze. Tsiku lotsatira ikalemba zoona, mudzayesa kuti mwabwerera m'mbuyo, pamene thupi lanu silidasinthe.

Manambala ndi thanzi lanu

Ngozi yeniyeni ili apa. Tiyerekeze bambo wa zaka 50 amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo amathamanga bwinobwino mphindi 7 pa kilomita. Akaloŵa pansi pa mitengo, foni imataya masetilaiti n'kumuuza kuti watsika kufika pa mphindi 8. Iye poopa kuti wachita ulesi amadzikakamiza, namapitirira mlingo umene mtima wake udazoloŵera. Tiyerekezenso mayi amene foni yake imawonjeza mtunda tsiku ndi tsiku. Iye amalembetsa mpikisano wa makilomita 10 poganiza kuti adakonzeka, ndipo amatherapo mphamvu asadafike kumapeto.

Malangizo a bungwe la WHO a mu 2020 satchula makilomita konse, amatchula mphindi. Munthu wamkulu ayenera kulimbitsa thupi mwapakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa mlungu, kapena mwamphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, ndiponso kuchita zolimbitsa minofu masiku aŵiri kapena kuposerapo. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi mphindi 60 pa tsiku. Pofuna kudziŵa ngati mukuchita mwapakatikati, yesani kulankhula. Ngati mungathe kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba, muli pakatikati. Ngati mukungotha kutulutsa mau aŵiri kapena atatu n'kupuma, mukuchita mwamphamvu. Muyezo umenewu umachokera m'thupi mwanu momwe, ndipo ukatsutsana ndi foni, mverani thupi.

Liŵiro limasinthanso ndi nyengo. Kilomita ya mwezi wa October ku Nsanje, Chikwawa kapena Mangochi siingafanane ndi ya mwezi wa June ku Dedza kapena ku Mzuzu. Kutentha, malungo amene angotha kumene, kusoŵa tulo ndi njala, zonsezi zimachepetsa liŵiro, ndipo palibe chochititsa manyazi. Makolo adati kuthamanga si kufika. Wonjezani mtunda pang'onopang'ono mlungu ndi mlungu, ndipo yerekezani zotsatira zanu za mwezi uno ndi za mwezi watha pa njira yomweyo yoyezedwa, osati ndi za mnzanu wa pa intaneti amene foni yake simukuidziŵa. Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndiponso amayi oyembekezera, ayambe afunsa kuchipatala asadayambe kuthamanga. Aliyense amene wamva kupweteka pachifuŵa, chizungulire kapena kubanika kwachilendo aime pomwepo ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Dzitetezeni panjira

Mapulogalamu ameneŵa amasunga mapu a njira zanu, ndipo ena amawaonetsa kwa anthu onse. Mu January 2018 zidadziŵika kuti mapu a Strava oonetsa njira za othamanga adaulula malo a misasa ya asilikali m'maiko monga Afghanistan ndi Syria. Ngati asilikali adaululika motero, kuli bwanji mayi amene amatuluka yekha pachipata chake m'maŵa uliwonse pa nthaŵi imodzimodzi? Sankhani kuti njira zanu zizioneka kwa anzanu odziŵika okha, ndipo muziyatsa pulogalamuyo mutatalikirako pang'ono ndi nyumba yanu.

Pamseu, thamangani mbali yakumanja kuti muzionana ndi magalimoto amene akubwera, valani zoŵala kukakhala mdima, ndipo musatseke makutu onse aŵiri ndi nyimbo. Foni ikhale m'thumba, pakuti kuiyang'ana mukuthamanga kumaitana akuba ndiponso kumagwetsa m'ngalande. Mlungu uno patulani nthaŵi yoyeza njira imodzi ya pafupi ndi kwanu, lembani zizindikiro zake m'kope pamodzi ndi mphindi zimene mumatenga, ndipo mukamapita kuchipatala kukayezetsa magazi kapena shuga, tengani kopelo kuti adokotala aone mlingo weniweni wa zimene mukuchita.